Ndere ndi mbawa: chomwe chili pangozi yotha ndi chiti?

Mbawa ndi mtengo woti mmisiri aliyense wa matabwa amauzindikira ngakhale utachekedwa kale. Ndere ndi zinthu zoti timazipala pakhoma ndi khasu dzinja likatha. Komatu zonsezi ndi zomera, zili ndi mayina m'mabuku a sayansi, ndipo pali anthu omwe ntchito yawo ndi kufufuza ngati zikutha kapena ayi. Pano tikuyerekeza mbawa ndi mtundu umodzi wa ndere wotchedwa Bryum argenteum, tija tobiriwira motuwa timamera m'ming'alu ya simenti ndi m'munsi mwa khoma la njerwa.

Kodi ndere ndi chomera chenicheni?

Zimatengera ndere zake. Zija zoterera zomwe zimayandama padziwe kapena kumata m'thanki ya madzi ndi algae, ndipo zilibe tsinde kapena masamba. Zija zotuwa zomwe zimakakamira pathanthwe kapena kulendewera panthambi m'nkhalango za ku Zomba ndi ku Mulanje ndi lichen, ndipo sichomera n'komwe. Ndi mtundu wa bowa wokhalira limodzi ndi algae, wina kupereka nyumba, wina chakudya.

Zomwe tikunena pano ndi zachitatu, zija zofewa mukazipapasa. Mukathothola kamodzi n'kukayang'anitsitsa, muona katsinde kokutidwa ndi timasamba tothithikana. Izi ndi zomera ndithu, zimapanga chakudya chawo ndi kuwala kwa dzuwa monga chimachitira chimanga. Padziko lonse pali mitundu pafupifupi 12,000 ya ndere zotere. Zomera za maluwa, komwe kuli mbawa, zimakwana mitundu pafupifupi 300,000.

Nanga akatswiri amaziika pati ziwirizi akamagawa zomera m'magulu?

Zimakumana pamalo amodzi okha, pamwamba penipeni, mu ufumu wa zomera wotchedwa Plantae. Kutsika apo njira zimapatukana ndipo sizikumananso.

Ndere yathuyi ili m'gawo la Bryophyta, gulu la Bryopsida, banja la Bryaceae, fuko la Bryum. Mbawa ili m'gawo la zomera za maluwa. Ili mumzere wotchedwa Sapindales, banja la Meliaceae, fuko la Khaya, ndipo dzina lomwe mabuku ambiri amalemba ndi Khaya anthotheca.

Apa pali zodabwitsa kwa anthu a matabwa. Abale a mbawa a banja limodzi ndi nimu, indya ndi msikidzi. Achibale apatali pang'ono, a mumzere wa Sapindales womwewo, ndi mango, malalanje ndi mandimu. Mlombwa, umene pamsika wa matabwa umatchulidwa mpweya umodzi ndi mbawa, suli m'menemo ayi. Uli m'banja la Fabaceae pamodzi ndi nyemba, nandolo ndi mtedza. Mmisiri amayang'ana thabwa, pomwe katswiri wa zomera amayang'ana duwa, chipatso, ndipo masiku ano DNA. Aliyense sakulakwa pa ntchito yake, koma zikafika pa chibale, mlombwa ndi mbale wa nandolo.

Mwambo wopatsa chomera mayina awiri achilatini udakhazikika ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, m'buku lake la 1753. Koma pa ndere zambiri akatswiri amayambira pa buku la Johann Hedwig, lomwe lidatuluka mu 1801 mwini wake atamwalira kale. Hedwig ndiye adayang'anitsitsa ndere pa maikulosikopu mpaka kuona ziwalo zake zoberekera, ndipo dzina la Bryum argenteum limawerengedwa kuchokera m'buku lakelo.

Kusiyana kwenikweni kuli pati, kupatula kuti china ndi chachikulu, china chaching'ono?

Kukula ndi kuchepako ndi zotsatira chabe. Gwero lake ndi madzi. Mbawa ili ndi mizu yeniyeni, ndipo m'kati mwa thunthu muli timitsempha tolimba tomwe timakweza madzi kuchoka pansi mpaka kunsonga, ndi tina totsitsa chakudya kuchoka m'masamba. Timitsempha tokweza madzito ndi tomwe timasanduka thabwa. N'chifukwa chake mtengo ungatalike chonchi. M'nkhalango ya Chirinda ku Mount Selinda, kum'mawa kwa Zimbabwe, muli mbawa yotchuka yomwe idapitirira mamita 60.

Ndere zilibe mitsempha yolimba chotero, zilibenso mizu. Tiulusi tili kunsi kwaketo ndi tongogwirira pamwala kapena pakhungwa. Madzi zimamwera thupi lonse, ndipo timasamba ta mitundu yambiri ndi topyapyala kwambiri, mzere umodzi wokha wa maselo. Chomera chotere sichingatalike. Bryum argenteum nthawi zambiri sapitirira sentimita imodzi, ndipo ngakhale chimphona cha ndere zoima zokha, Dawsonia superba ya ku New Zealand ndi Australia, chimalekezera cha m'ma sentimita 60.

Koma ndere zili ndi luso lomwe mbawa ilibe. Mbande ya mbawa ikauma gwa, yafa basi. Ndere zambiri zikauma zimangogona. Zimakhala miyezi zili zotuwa ngati zakufa, mvula yoyamba ikagwa zimabiriwira tsiku lomwelo n'kuyambiranso kupanga chakudya. Kutuwa kwa Bryum argenteum kumachokera kunsonga za timasamba take, zomwe zilibe zobiriwiritsa ndipo zimatchinga dzuwa.

Ngati ndere sizichita maluwa, zimaberekana bwanji?

Mbawa imachita timaluwa toyera tating'ono, tizilombo timanyamula mungu, kenaka pamabwera chipatso cholimba chozungulira. Chikakhwima chimang'ambika pazigawo zinayi kapena zisanu, ndipo mbewu zaphanthiphanthi zokhala ndi kaphiko m'mbali zimauluka ndi mphepo. M'mbewu iliyonse muli kamwana ka mtengo ndi kamba wake.

Ndere zilibe duwa, chipatso kapena mbewu. Umuna wake umayenera kusambira m'kadontho ka madzi kuti ikafike pa dzira, ndiye popanda mvula kapena mame kubereka kulibe. Zikakumana, pamamera kaphesi kowonda kokhala ndi kabotolo kunsonga. Ndi tija mumationa titaima njo pamwamba pa ndere chakumapeto kwa dzinja. M'kabotolomo mumatuluka tifumbi tomwe akatswiri amatitcha spores, tambirimbiri, topepuka moti mphepo imatha kutitenga mtunda wautali zedi. Kuonjezera apo, kachidutswa kothothoka kamatha kumera pakokha. Nsapato ya munthu kapena tayala la galimoto ndi zokwanira kusamutsa Bryum argenteum kuchoka mumzinda uno kupita wina.

Njira ya nderezi ndi yakale. Zomera zoyamba kukhala pamtunda, zaka pafupifupi 470 miliyoni zapitazo, zinkaberekana ndi tifumbi. Maluwa adayamba kuonekera bwino zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo.

Bwanji osayerekeza ndi mkungudza wa ku Mulanje, poti ndiwo mtengo wa fuko lathu?

Chifukwa mkungudza, Widdringtonia whytei, suchita maluwa. Uli m'gulu la paini ndi saipuresi, mitengo yobereka mbewu koma yopanda duwa kapena chipatso. Uli pakati pa ziwirizi: mitsempha ndi mbewu uli nazo monga mbawa, koma duwa ulibe. Nkhani yake ndi yomvetsa chisoni kuposa ya mbawa. Kafukufuku wa 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiri lonse, ndipo tsopano chiyembekezo chili pa mbande zomwe zikudzalidwa.

Ndani amagamula kuti chomera chili pangozi, ndipo amayeza chiyani?

Mndandanda womwe dziko lonse limadalira ndi Red List ya bungwe la IUCN, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1948 ndipo likulu lake lili ku Gland, m'dziko la Switzerland. Mndandandawu udayamba mu 1964.

Uli ndi magawo 9, ndipo lililonse lili ndi zilembo zake. EX ndi chamoyo chomwe chidatheratu. EW ndi chomwe chidatha kutchire koma chikusungidwa ndi anthu. Kenaka pali magawo atatu a zomwe zili pangozi: CR, chatsala pang'ono kutha, ndipo mkungudza uli pamenepa, EN, chili pangozi yaikulu, VU, chikuchepa moti chingathe zinthu zikapanda kusintha. NT ndi chomwe chayandikira ngozi, LC ndi chomwe sichikudetsa nkhawa. Awiri otsalawo ndi omwe anthu amawamva molakwika. DD ndi chomwe adachiunika koma umboni udachepa, pomwe NE ndi chomwe sichidaunikidwe n'komwe.

Oyeza amayang'ana zinthu zowerengeka. Kodi zatsala zingati zokhwima? Kodi zimapezeka dera lalikulu bwanji? Kodi zachepa ndi mlingo wanji m'zaka 10 kapena m'mibadwo itatu ya chamoyocho? Ngati zomwe zikuchiwononga zikadalipo, kuchepa ndi 30 pa 100 kumachiika pa VU, ndi 50 pa 100 pa EN, ndi 80 pa 100 pa CR. Kwa mtengo wokhalitsa ngati mbawa, mibadwo itatu ndi zaka zambiri ndithu.

Ndiye mbawa ili pati?

IUCN idaika Khaya anthotheca pa VU mu 1998. Chifukwa chake sichobisika. Thabwa lake ndi lofiirira, losavuta kupala, ndipo limapanga zitseko, mipando, makabati ndi mabwato. Ocheka amasankha mitengo ikuluikulu yowongoka, yomwe ndi yomweyonso imabereka mbewu zambiri. Kwathu kuno mbawa imakonda m'mphepete mwa mitsinje ndi m'nkhalango zachinyezi m'munsi mwa mapiri, malo omwe anthu akuwafuna kuti alime madimba. Mtengo ukudulidwa, ndipo malo omwe mwana wake akadamera akulimidwa.

Mu Novembala 2022, pamsonkhano wa ku Panama wa pangano la CITES, loyang'anira malonda a zamoyo pakati pa mayiko, mayiko adagwirizana kuika mitundu ya Khaya ya mu Africa pa Appendix II, pamodzi ndi mitundu ya Pterocarpus, komwe kuli mlombwa. Izi sizikuletsa malonda, koma zikutanthauza kuti matabwa ake asatuluke m'dziko popanda chilolezo chotsimikiza kuti kudulako sikukuwononga mtunduwo. Za m'dziko muno zimayendetsedwa ndi Forestry Act ya 1997, yomwe idakonzedwanso mu 2020 n'kukhwimitsa zilango.

Pali mfundo ina yomwe imaonetsa kuti kugawa zomera m'magulu si masewera a anthu ophunzira. Mabuku akale a zankhalango ku Malawi ankalemba mbawa kuti Khaya nyasica. Pambuyo pake akatswiri adaiphatikiza ndi Khaya anthotheca, mtengo womwe unkawerengedwa kuti umapezeka kuyambira kuzambwe kwa Africa mpaka ku Mozambique. Kafukufuku wa DNA wofalitsidwa mu 2022 adapeza kuti pansi pa dzina limodzilo pali mitundu 6, ndipo dzina la nyasica lidabwerera. Taganizani zotsatira zake. Mbawa yathu ikakhala mtundu paokha, mitengo ya ku Ghana kapena ku Congo singawerengedwenso ngati nkhokwe yake. Dera lake lachepa, ndipo udindo wa Malawi ndi mayiko oyandikana nawo wakula.

Nanga ndere ija?

Bryum argenteum ilibe vuto lililonse. Imapezeka m'makontinenti onse, ndi Antarctica yomwe. Imapirira utsi wa m'mizinda, imapirira kupondedwa, ndipo imakonda malo omwe anthu asokoneza. Ku Ulaya, komwe adaiunika, idapatsidwa LC. Tikamamanga misewu ndi makoma ambiri, malo ake akuchulukirachulukira.

Koma musatenge kandere kamodzi kolimba mtimaka n'kuweruzira ndere zonse. Mu 2019 IUCN idatulutsa zotsatira za kuunika ndere ndi abale ake ku Ulaya konse, mitundu yoposa 1,800, ndipo 22.5 pa 100 idapezeka kuti ili pangozi. Uku ndi ku Ulaya, komwe anthu akhala akutola ndi kulemba ndere kwa zaka zoposa 200. Pa mndandanda wa dziko lonse, ndere zomwe zidaunikidwa ndi kachigawo kochepa kwambiri ka mitundu 12,000 ija. Yerekezani ndi mitengo: pofika Okutobala 2024, IUCN idali itaunika mitundu ya mitengo yoposa 47,000, ndipo 38 pa 100 idapezeka pangozi.

Kusiyana kumeneku sikukunena za zomerazo, kukunena za ife. Mtengo umawerengedwa chifukwa uli ndi mtengo wake pamsika, umaoneka patali, ndipo wogwira ntchito zankhalango aliyense angauzindikire. Kuti muzindikire ndere pamafunika maikulosikopu ndi munthu wophunzira ntchitoyo, ndipo anthu otere mu Africa muno ndi owerengeka. Ndere zambiri za m'mapiri athu zili pa NE, ndipo NE sikutanthauza kuti zili bwino. Kumatanthauza kuti palibe yemwe adapita kukaona.

Kodi kuno kwathu alipo adafufuzapo ndere?

Alipo. Mu 1991 gulu la British Bryological Society lidakwera phiri la Mulanje kukatola ndere ndi abale ake, ndipo zomwe lidapeza zidakhala zikusindikizidwa kwa zaka zambiri m'magazini ya Journal of Bryology, banja limodzi limodzi. Mitundu yambiri idalembedwa koyamba kuti imapezeka ku Malawi chifukwa cha ulendo umenewo. Mmodzi mwa iwo, Brian O'Shea, adasonkhanitsanso mndandanda wa ndere za mu Africa kum'mwera kwa Sahara. Ku Zomba kuli National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, komwe kumasungidwa zitsanzo zouma za zomera za dziko lino.

Koma kulemba kuti mtundu wakuti udapezeka pa Mulanje mu 1991 ndi chinthu china, kudziwa ngati ukadalipo lero ndi chinanso. Kuchokera nthawiyo phirilo laona moto wa chaka ndi chaka, macheka ndi mauvuni a makala.

Kanthu kouluka ndi mphepo chonchi kangathedi?

Kangathe, ndipo kadathapo. Chitsanzo chodziwika ndi Neomacounia nitida ya ku Canada. John Macoun adaitola m'zaka za m'ma 1860 pamitengo ya m'dambo lina pafupi ndi Belleville, m'chigawo cha Ontario. Mitengo ya m'dambomo idadulidwa, ndipo ndereyo sidapezekenso kwina kulikonse. Lero ili pa EX.

Onani kuti palibe adaisaka kapena kuigulitsa. Idangotha chifukwa pokhala pake padachoka. Ndere za m'nkhalango zambiri n'zosankha malo: zina zimafuna khungwa la mtengo wakale pamthunzi, zina mwala womwe umawazidwa ndi mathithi, zina chipika chowola. Tifumbi tingauluke kutali, koma tikatera pouma ndi padzuwa sitimera. Mbawa yaikulu ya m'mphepete mwa mtsinje ikagwa, zomwe zinkakhala pakhungwa lake ndi pamiyala ya mumthunzi wake zimapita nayo, koma m'buku la zankhalango mumalembedwa mtengo umodzi.

Mbawa ikatha titaya matabwa. Ndere zikatha titaya chiyani?

Funso ili ndi loyenera, ndipo yankho lake siliyenera kukokomezedwa. Palibe adzagone ndi njala chifukwa mtundu umodzi wa ndere watha. Ntchito ya ndere ndi yogwira pagulu. M'nkhalango za pamwamba pa mapiri, komwe nkhungu imakuta mitengo, ndere zokuta nthambi ndi miyala zimagwira chinyezi ngati siponji n'kumachitaya pang'onopang'ono, ndipo zimaphimba dothi kuti mvula isalikokolole. Zimakhalanso zoyamba kumera pamwala ndi pamalo opserera, n'kusunga kafumbi ndi chinyezi momwe mbewu za zomera zina zimadzamera. Phiri la Mulanje ndi gwero la mitsinje monga Ruo, Thuchila, Lichenya ndi Likhubula, ndipo ena mwa madzi omwe anthu amamwa ku Blantyre amachokera ku Likhubula. Chilichonse chothandiza phirilo kusunga madzi sichachabe.

Kunja kuli chitsanzo chachikulu. Ndere za fuko la Sphagnum zimatha kusunga madzi olemera kuwirikiza pafupifupi ka 20 kulemera kwake zikauma, moti pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ankazigwiritsa ntchito pomanga mabala a asilikali thonje litasowa. Ndizonso zidapanga gawo lalikulu la madambo a peat a kumpoto kwa dziko lapansi, momwe zomera zakufa zimaunjikana osaola. Madambo a peat amatenga pafupifupi 3 pa 100 ya mtunda wonse, koma amasunga kaboni wochuluka kuposa mitengo ya m'nkhalango zonse za padziko.

Tsono tinene kuti chili pangozi kwambiri ndi chiti?

Pa ziwiri tayerekezazi, ndi mbawa, mosakayika. Chachikulu ndi cholimbacho ndicho chikuchepa, pomwe kaching'ono kopondedwa tsiku ndi tsiku kakufalikira. Koma tikayerekeza mbawa ndi ndere za m'nkhalango za Mulanje, Zomba, Ntchisi kapena Nyika, mbawa ili ndi mwayi waukulu. Ili ndi chilembo pa Red List, ili m'pangano la CITES, ndipo anthu amadziwa kuifesa m'nazale. Ndere za m'nkhalango palibe adzazidzale m'machubu. Njira yokhayo yozisungira ndi kusunga nkhalango yomwe zilimo, ndi mitengo yake yakale, mthunzi wake ndi zipika zake zowola, komanso kuletsa moto.

Kudzala mbawa n'kotheka kwa aliyense yemwe ali ndi malo a chinyezi. Mbewu zake sizichedwa kufa mphamvu, choncho zifeseni zikangotoledwa, osazisunga chaka. Musaidzale yokhayokha pamtetete, chifukwa pali mbozi yotchedwa Hypsipyla robusta yomwe imaboola nsonga za timitengo tating'ono n'kuchititsa kuti thunthu lichite mphanda. Imavutitsa pang'ono mbawa ikakulira pakati pa mitengo ina. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo. Ngati m'mudzi mwanu mukadali mbawa yaikulu m'mphepete mwa mtsinje, kambiranani ndi amfumu ndi komiti ya zachilengedwe kuti isadulidwe, chifukwa mbewu za mbande zanu zichokera pomwepo.